Mwana Wasintha Sukulu, Nanga Malikisi Ake Atsala Kuti?

Moni inu a pa Boma pano pa Lundazi. Moni a kwa Mwase, a kwa Kapichila, a kwa Mphamba. Sindikuiwalani inu a ku Lumezi ndi ku Chasefu. Mapu anatigawa mu 2018, koma ana athu akuwolokabe mitsinje yomweyi popita kusukulu. Kaya muli pakhonde mukutongola chimanga, kaya muli m'kagolosale, kaya wailesi mwaimangirira panjinga, ikwezeni pang'ono.

Lero tikamba za mwana amene wasintha sukulu maphunziro ali pakati. Wafika kusukulu yatsopano mayeso a boma ali pafupi. Walemba moko, zamuvuta. Aphunzitsi apukusa mutu, akuti, "Uyu sadzakhoza." Koma kumene wachokera ankati ndi mwana wanzeru. Ndiye tikhulupirire ndani? Inu kholo, mungovomera? Mukatsutse? Ngati mukatsutsa, munyamule chiyani m'manja?

Tiyambe ndi funso ili. N'chifukwa chiyani mwana amasintha sukulu pakati pa ulendo?

Sikuti amafuna ayi. Bambo amwalira ku Kitwe, maliro atha, abale akhala pansi, agwirizana kuti ana apite kumudzi kwa amalume. Mayi ndi namwino kapena wapolisi, boma lawasamutsa ku Petauke kubwera kuno, ana atsatira. Wina anali kuboding'i, soya sanagulidwe bwino chaka chimenecho, ndalama yogonera yasowa, wabwerera kusukulu yoyendera. Inde, kuyambira 2022 boma linachotsa fizi m'sukulu zake, koma ya boding'i ikadalipo, ndipo basale ya CDF sifikira aliyense. Wina ndi mtsikana amene anatenga pakati. Kuyambira 1997 boma limamulola kubwerera kusukulu akachira. Koma ambiri amachita manyazi kubwerera pomwe paja. Amasankha sukulu ina kumene sakuwadziwa.

Ndiponso ife tili m'malire. Lusuntha ndi pomwepa. Banja limodzi, theka lili kuno, theka lili ku Mzimba. Mwana amatha kuyamba sekondale ku Malawi n'kudzapitiriza kuno. Kumeneko chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala, kuno mu Januwale. Kumeneko mayeso ndi a MANEB, kuno ndi a ECZ. Mwana wotere amafika atasokonezeka ndi kalendala yomwe, asanatsegule n'komwe buku.

Tsopano tiyerekeze mtsikana mmodzi mwa ana a ku Kitwe aja. Wafika kwa amalume ake Giredi 11 ili kumapeto. Malo amupezera. Yunifomu amusokera. Amalume akuti ntchito yawo yatha. Koma m'kalasi muli zina.

Ku Kitwe ankaphunzira Chibemba. Kuno papepala pali Chinyanja, pomwe kunja kwa kalasi anzake akucheza m'Chitumbuka. Kumeneko kalasi yake inkatenga Commerce. Kuno kalasi imene ili ndi malo ikutenga zaulimi. Ngakhale phunziro lachipembedzo, lija timangoti RE, lili pawiri: pali 2044, pali 2046, ndipo mafunso ake si amodzi. Sayansi nayo, ena amalemba Physics ndi Chemistry padera, ena amalemba yophatikiza. Ngakhale pamene phunziro lili lomwelo, aphunzitsi sayenda mofanana. Mutu umene a ku Kitwe anausungira chaka chamawa, a kuno anaumaliza kale. Mutu umene iye akuudziwa bwino, a kuno sanafikepo.

Ndiye moko wafika. Mafunso achokera pa zimene anzake anaphunzira iye kulibe. Mukuganiza apeza bwanji? Pepala labwera lofiira. Mphunzitsi amene wamuona miyezi yowerengeka akuti, "Uyu ndi wa 9." Inu mukudziwa, pa mayeso a Giredi 12 nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Wapeza 1 wapambana, wapeza 9 walephera. Ndipo kuti ulowe pa yunivesite ya UNZA pamafunika makirediti asanu, Chingerezi chili momwemo. Ndiye mwana akamva kuti ndi wa 9, amamva kuti chitseko chatsekedwa.

Apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yathu. Malikisi amene mwana amapatsidwa pasukulu ali mitundu iwiri. Ndibwereze. Ali mitundu iwiri. Ena salowa pa satifiketi. Ena amalowa. Makolo ambiri timakangana pa amene salowa, n'kuiwala amene amalowa.

Mtundu woyamba ndi wa moko, ndi mayeso a kumapeto kwa teremu, ndi mawu a aphunzitsi olosera kuti mwana adzapeza mwakuti. Amenewa sapita pa satifiketi. Mayeso enieni amakonzedwa ndi ECZ, Examinations Council of Zambia, ndipo mapepala amakachongedwa kwina, ndi aphunzitsi amene mwana wanu sanamuonepo. Munthu wodutsa mumsewu atha kuyang'ana munda wanu wa soya n'kunena kuti apa mutuluka matumba atatu basi. Mwina walondola, mwina waona kumphepete kokha kumene kunadya mbuzi. Koma pogulitsa sawerenga mawu ake. Amawerenga sikelo. Moko ndi maso a wodutsa uja. Sikelo ikubwera kumapeto kwa chaka.

Ndiye wina anena kuti, ngati salowa pa satifiketi, tivutikiranji? Tizingowasiya.

Ayi, tisawasiye. Mawu olosera ali ndi mano. Mwana akauzidwa kawiri katatu kuti ndi wa 9, amayamba kukhala kumbuyo, amasiya kukweza dzanja. Kunyumba nako amalume amva. Akuti, "Nanga sopo ndi makope tikutayiranji? Bola azithandiza kufodya." Ngati ndi mtsikana, azakhali ayamba kale kutchula za banja. Nthawi zina mwana amalangizidwa kuti asiye phunziro lakuti, kapena kuti adikire adzalembe GCE. Zonsezi zachokera pa pepala limodzi la moko, limene linafunsa zinthu zimene mwanayo sanaphunzitsidwe. Mwana uyu sanagwe mayeso a boma. Wagwetsedwa asanalembe.

Tsopano mtundu wachiwiri. Uwu ndiye woopsa, chifukwa umasowa mwakachetechete. Zaka zapitazi ECZ inabweretsa chimene aphunzitsi amachitchula SBA, School Based Assessment. Ndi ntchito zimene mwana amachita pasukulu pomwepo, aphunzitsi ake n'kumupatsa malikisi: zoyesayesa za sayansi, ntchito ya kumunda wa sukulu, zophikaphika, zosokasoka, zopalapala. Malikisi amenewa sukulu imawasunga, kenako imawatumiza ku ECZ, ndipo amakaphatikizidwa ndi a mayeso omaliza. Satoleredwa tsiku limodzi. Amatoleredwa pang'onopang'ono, kalasi ndi kalasi. Ndipo maphunziro atsopano amene anayamba ndi Fomu 1 mu 2025 akutsamira kwambiri pa ntchito za pasukulu zoterezi.

Mwaona pamene pali dzenje? Mtsikana wathu ntchito za Giredi 10 ndi 11 anachitira ku Kitwe. Malikisi ake ali m'kabati ya ku Kitwe. Iye ali ku Lundazi. Kalata ya thiransifa inangonena dzina, kalasi, ndi kuti khalidwe lake ndi labwino. Nthawi yotumiza malikisi ikakwana, mphunzitsi wa kuno apeza mpata wopanda kanthu pa dzina lake. Achite chiyani? Wina amamuchititsa ntchitozo mothamanga. Wina amangoyerekeza. Wina amasiya chomwecho. Ndiye Januwale akafika, mwatumiza uthenga ku 8383 kuti muone zotsatira, mupeza phunziro lina latsika mosayembekezeka kapena silikuoneka n'komwe. Apo ndiye mumayamba kuthamanga. Koma madzi akatayika saoleka.

Choncho funso loyamba kwa aphunzitsi lisakhale lakuti, "Bwanji mwamupatsa zochepa pa moko?" Funso loyamba likhale lakuti, "Kodi malikisi ake a SBA a kusukulu yakale anafika?" Ndibwerezenso, kuti amene mumakoleza moto mumve. Kodi malikisi ake a SBA anafika?

Tiyeni tituluke pang'ono m'dziko muno, tikaone kumene kulosera malikisi kunasanduka mlandu wa dziko lonse.

Mukukumbukira 2020, chaka cha korona. Kuno sukulu zinatsekedwa mu Malichi, koma makalasi a mayeso anabwerera mu Juni, ndipo ana analemba. Ku England mayeso sanalembedwe n'komwe. Aphunzitsi anauzidwa kuti alosere zimene mwana aliyense akanapeza. Kenako bungwe loyang'anira mayeso, la Ofqual, linadutsitsa malikisiwo m'masamu a kompyuta amene ankayang'ana mmene sukulu iliyonse inkakhozera zaka zam'mbuyo. Zotsatira zitatuluka pa 13 Ogasiti, pafupifupi ziwiri mwa zisanu zilizonse zinali zitatsitsidwa. Mwana wanzeru wa pasukulu yosauka analangidwa chifukwa cha mbiri ya sukulu yake. Ana anatuluka m'misewu ya London ndi zikwangwani. Patangopita masiku anayi, nduna ya maphunziro, Gavin Williamson, inabweza mawu, boma n'kuvomera malikisi a aphunzitsi.

Koma panali gulu lina limene silinapume nawo. Ndi ana amene ankaphunzira paokha, opanda sukulu yowadziwa bwino. Ambiri mwa iwo panalibe mphunzitsi woti awaikire umboni. Anzawo akupita ku yunivesite, iwo anatsala kudikira mayeso a miyezi yotsatira. Mwana amene palibe akumudziwa ndiye amayamba kugwa.

Ndipo ngakhale chaka chopanda mliri, kumeneko ana amafunsira malo ku yunivesite ndi malikisi olosera. Mu 2016 katswiri wina wa zamaphunziro, Gill Wyness, anayerekeza zolosera ndi zotsatira zenizeni. Anapeza kuti aphunzitsi analondola ndendende pa mwana mmodzi yekha mwa asanu ndi mmodzi. Ambiri anawalosera mopitirira. Koma ana anzeru a m'mabanja osauka ankachepetsedwa kawirikawiri kuposa anzawo anzeru a m'mabanja opeza bwino. Tsono taganizani. Amenewo ndi aphunzitsi amene akhala ndi mwana nthawi yaitali, m'makalasi a ana ochepa. Nanga mphunzitsi wa kuno, amene mwana wamuona teremu imodzi, m'kalasi yodzaza mpaka pakhomo?

Sindikunyoza aphunzitsi. Ndimvetseni. Chichotsereni fizi, ana anabwerera kusukulu mwaunyinji, ndipo ndi chinthu chabwino. Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022, koma makalasi akadali odzaza. Mphunzitsi mmodzi, makope mulu. Mayina a ana amene anayamba nawo akuvutika kuwasunga, ndiye kuli bwanji mlendo wofika dzulo? Akalosera molakwa, kawirikawiri si nkhanza. Ndi kusamudziwa mwanayo. Ndipo kusadziwa mankhwala ake ndi umboni, osati phokoso.

Tabwerera kwathu tsopano. Tikambe za chochita.

Nkhani imayambira kusukulu yakale, mwana asananyamuke. Ndikudziwa, pamaliro palibe amene amaganiza za makope. Pogawana ziwiya ndi zovala, makope a mwana amatsala m'katoni, mwina amakakulungira mandasi. Koma makope amenewo ndiwo mboni yake. Malipoti a teremu iliyonse, mapepala a mayeso ochongedwa, makope a manotsi, nambala yake ya mayeso, zonsezi zikwere naye basi. Ndipo popempha kalata ya thiransifa, pemphaninso kuti ahedi alembe maphunziro amene mwana amatenga, ndi malikisi ake a SBA, asayine, adinde chidindo cha sukulu. Mukalandira, jambulani ndi foni. Pepala limanyowa, limadyedwa ndi chiswe. Tenganinso nambala ya foni ya aphunzitsi a gaidensi a pasukulupo. Tsiku lina mudzaifuna.

Nanga ngati mwana anabwera kale chimanjamanja? Musataye mtima. Masiku ano pepala limayenda pa WhatsApp. M'bale amene anatsala ku Kitwe atha kupita kusukuluko. Koma chabwino koposa n'chakuti ahedi a kuno alankhule ndi ahedi a kumeneko, sukulu ndi sukulu, kuti pasakhale wokayikira kuti malikisiwo mwalemba nokha. Kwa mwana wochokera ku Malawi, funsani msanga za mapepala ake a kumeneko, chifukwa polembetsa mayeso amafuna umboni wa makalasi amene anadutsa, ndipo zimenezi sizitheka sabata imodzi.

Pofunafuna malo, musangofunsa kuti, "Malo alipo?" Funsani kuti, "Maphunziro amene mwanayu amatenga, pano alipo?" Sukulu yapafupi imene ilibe maphunziro ake itha kumutayitsa zaka ziwiri za ntchito. Nthawi zina bola yakutali pang'ono, njinga ilipo. Safunsa anadya phula.

Tsopano tifike pa tsiku lija. Lipoti lafika, malikisi ndi otsika, aphunzitsi alosera zoipa, ndipo inu mukuona kuti si mwana wanu ameneyu. Mupite bwanji?

Pitani nokha, musatume mwana. Pitani m'mawa, osati mutadutsira kumowa. Yambani ndi mphunzitsi wa phunzirolo, musalumphire kwa ahedi. Munthu ukamudumpha amaumitsa khosi. Mukakhala pansi, mawu ake ndi onga awa: "Aphunzitsi, ine ndine malume wake wa mwanayu. Ndabwera kuti mundithandize kumvetsa. Kumene wachokera ankapeza chonchi, mapepala ake ndi awa. Kuno wapeza chonchi. Kodi vuto lili pati?" Mwamva? Simunanene kuti aphunzitsi alakwa. Mwaika mapepala patebulo, mapepalawo alankhule.

Kenako pemphani kuona pepala la moko limene mwana analemba. Muli ndi chifukwa chomveka, ndi mwana wanu. Ngati inu sukulu munalekera panjira, musachite manyazi, tengani wina wa m'mudzi amene anafika Giredi 12 akuthandizeni. Yang'anani bwino. Kodi mwanayu analakwa mafunso onse, kapena anasiya ena osayankha n'komwe? Pali kusiyana kwakukulu pamenepo. Mwana amene wayankha bwino mafunso atatu n'kusiya anayi opanda kanthu si wofooka. Ndi mwana amene mitu inayi sanaiphunzire. Tsegulani kope lake la ku Kitwe, muwaonetse aphunzitsi pamene analekezera. Nthawi zinanso mupeza kuti powonkhetsa malikisi panadumphidwa tsamba. Zimachitika. Munthu wochonga mapepala mulu usiku ndi tochi amaphonya.

Mukatero pemphani chinthu chotheka. Musanene kuti, "Musinthe malikisi." Mphunzitsi woona mtima sangasinthe malikisi chifukwa kholo lakwiya, ndipo amene angasinthe chifukwa cha zimenezo, muopeni. Nenani kuti, "Tipatseni mitu imene akusowa. Mumupatse masabata angapo, kenako mumuyesenso." Apo mwapempha chilungamo, simunapemphe chifundo.

Zikakanika pamenepo, makwerero alipo. Pali mkulu wa dipatimenti ya phunzirolo. Pali aphunzitsi a gaidensi, amene nthawi zambiri ndiwo amayendetsa zolembetsa mayeso. Pali ahedi. Ngati nkhani ndi ya SBA yosowa, kapena mwana akukanizidwa kulembetsa mayeso, ndipo pasukulu sizikuyenda, pitani ku ofesi ya maphunziro ya a DEBS pa Boma. Pamwamba pawo pali ofesi ya maphunziro ya chigawo ku Chipata. Koma kulikonse kumene mukupita, siyani kalata. Lembani tsiku, dzina la mwana, nambala yake ya mayeso, phunziro, ndi chimene mukupempha. Ina isungeni kunyumba. Mawu apakamwa amauluka, mawa adzati simunabwere. Ndipo chitani izi chaka chikadali chaching'ono. Kudandaula mu Febuluwale n'kosiyana ndi kudandaula mu Okutobala.

Tsopano nditembenuke, ndilankhule mawu amene ena simuwakonda. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Nthawi zina aphunzitsi amakhala akunena zoona. Inde. Si sukulu zonse zimene zimachonga mofanana. Pali sukulu zina kumene malikisi amaperekedwa mowolowa manja kuti makolo asangalale. Mwana amabwera ndi lipoti lonyezimira, koma ukamupatsa funso la Giredi 10 thukuta lili kamukamu. Pali ana ena amene imfa ya kholo inawasweratu mtima, ali m'kalasi thupi lokha. Pali mtsikana amene usiku wonse amalera khanda, m'mawa n'kuyenda mtunda. Kwa ana otere malikisi otsika si bodza. Ndi chenjezo, ndipo labwera nthawi ikadalipo. Mukapita kukatsutsa, pitani muli okonzeka kumva kuti mwana wanu watsaliradi. Mukapambana mkangano koma mwana osaphunzira mitu ija, mwapambana chiyani? Mu Novembala mafunso adzabwera omwewo.

Ndiye zikakhala choncho, nkhani isinthe. Isakhalenso yakuti ndani walakwa. Ikhale yakuti mwanayu timuthandiza bwanji. Abwereke makope a anzake akopere mitu imene anaphonya. Alowe m'gulu la anzake owerenga limodzi. Apeze mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Kunyumba mumuchepetsere ntchito. Mwana wa mlongo wanu si wantchito amene mwamupeza mwaulere. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Ngati ana anu akuwerenga madzulo, iyenso awerenge, asakhale yekha kuchitsime. Ndipo ngati mpata ndi waukulu zedi, kubwereza kalasi si imfa. Koma chimenecho chigamulidwe ndi inu, mwana ndi aphunzitsi mutakhala pansi, mapepala ali patebulo, osati ndi pepala limodzi la moko.

Iwe mwana amene ukumvetsera, ndili nawe mawu. Usabise kuti mutu wakuti sunauphunzire. Ukangofika, pita kwa aphunzitsi ndi kope lako, unene kuti, "Aphunzitsi, kwathu tinalekezera apa." Anzako akaseka kalankhulidwe kako, asiye aseke, teremu ikamatha adzakhala atazolowera. Koma chenjera ndi njira zachidule. Moko ukakuvuta, amabwera anthu onong'ona kuti ali ndi likeji pa foni, tumiza ndalama. Ambiri ndi akuba chabe. Ndipo ukagwidwa, zotsatira zako zimafufutidwa. Mu 2018 mayeso a dziko lonse anaimitsidwa chifukwa pepala linatuluka nthawi isanakwane, ndipo ana osalakwa anavutika nawo. Chinanso, ndipo ichi ndikunena motsindika. Munthu aliyense amene akuti akukwezera malikisi ukamupatsa ndalama, kapena ukakumana naye kuseri, ameneyo si wokuthandiza. Uza amayi, uza azakhali, uza ahedi. Ukasowa womuuza, imba 116, nambala yothandiza ana, ndi yaulere.

Kwa inu ahedi ndi aphunzitsi, ndipemphe zinthu ziwiri mwaulemu.

Mwana akamachoka pasukulu panu, malikisi ake achoke naye. Timamva za ana amene mapepala awo amagwiridwa chifukwa cha ngongole ya boding'i kapena buku lotayika. Ngongole ndi ngongole, ndipo kholo liyenera kubweza. Koma kwa ine, kugwira malikisi a mwana ngati chikole n'kulanga munthu wolakwika. Amene anakongola ndi wamkulu. Amene ataye chaka ndi mwana. Kambiranani za ngongoleyo padera, malikisi apite.

Ndipo mwana akamafika pasukulu panu, musadikire moko kuti mumudziwe. Sabata zoyambirira zomwezo, tsegulani makope ake. Mufunseni pamene analekezera. Mumuyese pa zimene anaphunzira, kuti muone mutu wake, kenako mumuonetse zimene akusowa. Ndi ntchito yowonjezera, ndikudziwa, ndipo nthawi mulibe. Koma paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mwina amene mukumuyesa wa 9 ndi amene adzakweze dzina la sukulu yanu mu Januwale. Ndipo ngati simunamudziwe mokwanira, palibe cholakwa kunena kuti, "Mwanayu sindinamuone bwino, tidikire kaye." Yankho limenelo ndi laulemu kuposa nambala yongoponya.

Tisanatseke, pali kanthu kena kamene kamagwetsa ana ambiri osintha sukulu. Ndi kulembetsa mayeso.

Kulembetsa kumachitika miyezi yambiri mayeso asanafike, ndipo mwana amalembetsedwa pa senta imodzi. Ngati wasamuka atalembetsa kale, dzina lake lili kusukulu yakale. Musaganize kuti kalata ya thiransifa yasamutsanso dzina ku ECZ. Funsani aphunzitsi a gaidensi kuti, "Mwanayu adzalembera kuti?" Ngati yankho ndi lakuti ku Kitwe, yambani lero kusunga ya basi ndi kupeza kumene adzagone. Ngati wasamuka asanalembetse, onetsetsani kuti sukulu yatsopano yamulembetsadi, chifukwa mlendo ndi amene amaiwalika pamndandanda. Sukulu yakale ikuti anachoka, yatsopano ikuti tinkayesa analembetsa komweko.

Ndipo mndandanda ukabwera kuti ana atsimikize, mwana asangosayina. Awerenge chilembo ndi chilembo. Dzina lalembedwa bwino? Ng'oma asakhale Ngoma, Mtonga asakhale Mutonga. Tsiku lobadwa lili bwino? Maphunziro ndi omwewo amene akuphunzira? Ngati m'kalasi akuphunzira RE 2046, papepala pasalembedwe 2044. Ngati anasiya Chibemba n'kuyamba Chinyanja, papepala paoneke Chinyanja. Kukonza pa nthawi imeneyo ndi cholembera chabe. Kukonza satifiketi itatuluka ndi ndalama, makalata, ndi maulendo a ku Chipata kapena ku Lusaka, pamsewu umene nonse mukuudziwa.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Inu amene mukusunga mwana wobwera pa thiransifa, mukatha kudya nsima madzulo ano, muitaneni abwere ndi chikwama chake. Mufunseni maphunziro amene akutenga, mufunseni ngati malikisi ake a SBA anafika, mufunseni kumene adzalembere mayeso. Akayankha kuti sakudziwa, Lolemba m'mawa mupite naye kusukulu.